Galu kapena mphaka wanu akafika kumapeto: chochita kuyambira pomudwazika mpaka pomukwirira

Mafunso amene eni ziweto amandifunsa amakhala omwewomwewo. "Galu wathu wakalamba, sakudyanso, miyendo yakumbuyo yaleka kugwira, titani?" Wina amafunsa ngati angamumwetse Panado. Wina amafuna kudziwa ngati kumubayitsa jakisoni woti afe si tchimo. Ndiye pali amene amabwera galu atafa kale, akuchita manyazi kunena kuti sabata yatha asakupeza tulo. Mayankho onse ndawaika pano kuti wofunsa ndizingomulozera. Zambiri ndi za galu, pakuti ndiye ali m'makomo ambiri. Pamene mphaka akusiyana ndinena.

1. Musanamugwire, yambani mwaganiza za chiwewe

Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akulephera kumeza, chibwano chalendewera, mawu ouwa asintha, kapena miyendo yafooka m'masiku owerengeka, musamuike dzanja m'kamwa kuti muone ngati watsamwa ndi fupa. Munthu akhoza kutengera chiwewe pomwepo. Si galu aliyense wachiwewe amene amathamanga n'kumaluma anthu. Wina amangofatsa, n'kukabisala pakona. Ngati sanabayidwe katemera chaka chino, kapena analumanapo ndi galu wosadziwika miyezi yapitayi, mutsekereni pamalo poti ana ndi ziweto zina sizifika, kenako itanani a vetenale. Wina akalumidwa kapena dovu likamugwera pabala, atsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Galu wotereyu sadwazikidwa pakhomo, ndipo akafa musamukwirire a vetenale asanamve, chifukwa angafune kuyeza ubongo wake.

Ngati za chiwewe palibe, pitirizani.

2. Dokotala wa ziweto amuone kaye, kamodzi kokha n'kokwanira kuyambira

Agalu ambiri amene eni ake amati "akutha ndi ukalamba" amakhala akudwala matenda ochizika. Matenda obwera ndi nkhupakupa amayeretsa nkhama, galu n'kufooka, mkodzo n'kufiira, koma akapezeka msanga mankhwala ake alipo. Chotupa chotuluka magazi kumaliseche, chimene agalu amapatsirana pokwerana, chimaoneka choopsa koma nthawi zambiri chimatha ndi jakisoni wa sabata ndi sabata kwa masabata angapo. Dzino lovunda limaletsa galu kudya mpaka kunyentchera. Koma impso zimene zaleka kugwira ntchito, mtima wokula, khansa yofalikira, kapena msana umene wapha miyendo pa galu wokalamba, izi sizibwerera.

Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA, ku Blantyre kuli linzake la BSPCA, ndipo m'mizinda muli madokotala a ziweto oyima paokha. Kumudzi yambirani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi ya paboma. Mukafika funsani zinthu zitatu, ndipo musachoke musanamve mayankho ake: kodi matendawa achira kapena tikungochepetsa ululu? Ngati sachira, tiyembekezere masabata kapena miyezi? Ndi chizindikiro chiti chimene tikachiona tidziwe kuti zafika poipa? Funsaninso mtengo wa zonse poyera. Kunena kuti ndalama ya opaleshoni mulibe si chamanyazi, ndipo kumathandiza dokotalayo kukupatsani njira imene mungaikwanitse.

3. Mankhwala a anthu asiyeni m'kabati

Apa ndi pamene chikondi chimapha. Panado amapha mphaka, ngakhale piritsi limodzi. Magazi ake amaleka kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope imatupa. Brufen, diclofenac ndi Indocid amabowola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ndipo galu wokalamba impso zake zimakhala zatopa kale. Mankhwala opha ululu oyenera ziweto alipo, monga meloxicam, koma mlingo wake umatengera kulemera kwa galuyo ndi mmene impso zake zilili, choncho alembe ndi dokotala. Mankhwala a mtundu umenewu perekani pamodzi ndi chakudya. Galu akayamba kusanza, kukana kudya, kapena chimbudzi chikada bii ngati phula, siyani msanga ndipo imbani foni.

Ululu wa galu suoneka ndi kulira kokha. Ambiri salira n'komwe. Yang'anani kupuma wefuwefu usiku kuli kozizira, kuzungulirazungulira osapeza pogonera, kunjenjemera, kupinda msana, kunyambita malo amodzi, kukalipa mukamukhudza pamene kale ankakondwa. Mphaka amangobisala n'kuleka kudzinyambita, ubweya n'kuyamba kumangana.

4. Pogona, ukhondo ndi chakudya

Muchotseni pa simenti. Muyalireni chidutswa cha matiresi akale, pamwamba pake pulasitiki, pamwamba penipeni chitenje kapena bulangeti lotha lomwe mungathe kuchapa tsiku ndi tsiku. Malowo akhale pamthunzi, podutsa mphepo m'chilimwe, potchingika mu June ndi July, ndiponso poti azimva mawu a anthu. Unyolo muvuleni, galu amene sakutha kuima sathawa.

Ngati sakutha kudzitembenuza, mutembenuzeni maola 4 aliwonse. Kupanda kutero khungu la pachiuno, pachigongono ndi paphewa limaphulika zilonda zomwe sizipola. Pomuthandiza kuima kuti akakodze, pisani thaulo kapena chitenje pansi pa mimba, mugwire nsonga ziwirizo ngati chonyamulira, iye aziyenda ndi miyendo yakutsogolo. Musamukoke mchira.

Akadzikodzera, mupukuteni ndi madzi ofunda, muumitse bwinobwino, mupake Vaseline pang'ono pakhungu la m'ntchafu. Chifukwa chake ndi ntchentche. Nyengo yotentha zimaikira mazira pa ubweya wonyowa ndi pabala, ndipo pakangotha tsiku mphutsi zimakhala zayamba kudya mnofu. Tukulani mchira, yang'anani m'khwapa, pansi pa mimba ndi m'makutu m'mawa ndi madzulo. Neti yakale ya udzudzu yomuphimbira masana imathandiza kwambiri.

Za chakudya, ino si nthawi ya mkute wouma ndi mafupa. Phala lofewa losakaniza ndi dzira lowiritsa, mpunga ndi nkhuku yowiritsa yochotsa mafupa, kapena usipa wonyika kuti mchere uchoke, n'kuusinja. Musathire anyezi kapena adyo, zimawononga magazi a galu ndi mphaka. Tenthetsani pang'ono kuti fungo lituluke, mumupatse pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu patsiku, ngakhale ndi dzanja. Galu wa makilogalamu 20 amafuna madzi pafupifupi lita imodzi patsiku. Ngati sakumwa yekha, gwiritsani sirinji yopanda singano, mamililita 5 mpaka 10 nthawi imodzi, m'mbali mwa kamwa, mutu uli chowongoka. Koma ngati sakumeza, lekani. Madzi okakamiza amalowa m'mapapo ndipo mumamuonjezera chibayo pa mavuto amene ali nawo kale.

5. Kudziwa kuti nthawi yakwana

Gawo ili ndi limene ambiri amalizemba, ndipo ndi limene ndikhalepo nthawi.

Anthu ambiri amati, "Tingomusiya, afe yekha nthawi yake ikakwana." Mawuwa amamveka achifundo, koma ofatsa mtima ayenera kudziwa mmene kufa kwa yekhako kumakhalira. Galu wofa mwakachetechete ali m'tulo alipo, koma ndi wosowa. Wa impso amatha masiku akusanza, m'kamwa muli zilonda, kenako n'kuyamba kugwa ngati wakhunyu. Wa mtima amabanika ndi madzi odzaza m'mapapo, osatha kugona pansi chifukwa akagona mpweya umamuthera. Zoterezi zikhoza kuchitika usiku kapena Lamlungu, dokotala kulibe, galimoto kulibe, ana akuonerera. Amene anadikira mpaka pamenepo kawirikawiri ndiwo amavutika mumtima nthawi yaitali. Maganizo anga ndi awa: ngati dokotala wanena kuti kuchira kulibe, tsikulo musankhe inu matenda asanakusankhireni.

Vuto ndi lakuti maso a mwini galu amanama. Mumamuona tsiku lililonse, ndiye kuwonda kwake simukuona, ndipo akangogwedeza mchira kamodzi mumati wayamba kupeza bwino. Choncho musadalire mtima wokha, lembani.

Tengani kalendala. Madzulo aliwonse chongani tsikulo ngati linali labwino, kapena ikani mtanda ngati linali loipa. Tsiku labwino ndi limene wadya mwa kufuna kwake, wamwa, watha kuchoka pamene wachitira chimbudzi, wagona tulo osabuula, ndipo wakuzindikirani. Alembe munthu mmodzi yemweyo, makamaka amene amamusamaliradi, kaya ndi mwana wasukulu kapena wantchito wapakhomo, osati bambo amene amamuona mphindi ziwiri potsika galimoto. Pakatha masabata awiri werengani. Mitanda ikachuluka kuposa zochonga, yankho mwalipeza.

Chachiwiri, tchulani zinthu zitatu zimene galuyo ankazikonda ali bwino. Mwina kuthamangira kugeti mukamafika, kuuwa alendo, kutsatira amayi kudimba. Ziwiri mwa zitatuzo zikatha osabwereranso, moyo umene watsala ndi wongopirira.

Chachitatu, werengani mpweya. Ali mtulo, werengani kangati chifuwa chakwera pa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Galu kapena mphaka wabwino sapitirira 30 pa mphindi. Zikamapitirira 40 ali chigonere, mobwerezabwereza, mapapo kapena mtima zili pamavuto. Tukulaninso mlomo muone nkhama: zikhale zofiirira. Zoyera mbuu, zachikasu kapena zabuluu ndi uthenga woipa.

Pali zina zosafuna kalendala. Kubanika, khosi atalitambasula. Mphaka kupuma kukamwa kuli yasa. Kugwa ndi kuphupha kobwerezabwereza. Mimba kutupa mwadzidzidzi uku akuyesa kusanza osatuluka kanthu. Kulira kosalekeza ngakhale wamwa mankhwala. Kusanza chilichonse, ngakhale madzi, tsiku lonse. Izi ndi za lero lomwe, osati mawa.

Tsopano za pabanja. Musachite mobisa. Khalani pansi, aliyense anene zakukhosi, chifukwa m'nyumba imodzi mumapezeka wina woti kuchotsa moyo ndi kwa Mulungu yekha, wina woti ndalama imeneyo bwenzi titagula thumba la chimanga. Onsewo ali ndi mfundo. Amene chikumbumtima chikumuvuta akhoza kukambirana ndi abusa, ansembe kapena shehe wake. Funso lothandiza pokambirana si lakuti "timuphe kapena ayi", pakuti matenda ayamba kale kumupha. Funsani kuti: masiku amene atsalawa ndi abwino kwa iye, kapena tikumusunga chifukwa ife sitinakonzeke? Gwirizananinso malire pasadakhale, mwachitsanzo kuti akatha masiku awiri osadya kapena akalephera kuimirira ngakhale momuthandiza, tiyitana dokotala. Malire oikidwa mitu ili bwino ndi osavuta kuwatsata kusiyana ndi chiganizo chopangidwa pakati pa usiku.

Chimodzi ndinene mosapsatira. Tameki, mankhwala a makoswe, kumumangirira mwala n'kumuponya mumtsinje, kumupachika, kumukhoma ndi chibonga, kapena kukamutaya kutali kuti asapeze njira yobwerera, zonsezi si kumupumitsa. Tameki amapha galu akuona, akuphupha, akubanika ndi thovu lake lomwe, ndipo nyambo yotsala imapha nkhuku, agalu a anzanu, ngakhale mwana. Malamulo a dziko lino amaletsanso kuchitira nyama nkhanza. Ngati ndalama yavuta, nenani kwa a vetenale kapena ku mabungwe aja. Kufunsa kulibe mtengo.

6. Tsiku la jakisoni

Madokotala amati euthanasia. Kunoko ambiri timangoti kumubayitsa jakisoni womupumitsa. Funsani ngati dokotala angabwere kunyumba, chifukwa galu wodwala amavutika ndi ulendo, makamaka pa kabaza kapena kumbuyo kwa pikapu. Lipiranitu, ndipo dzenje likumbidwe kale. Ngati akutha kudya, mpatseni chimene amachikonda, lero palibe choletsa.

Nthawi zambiri pamakhala majakisoni awiri. Woyamba ndi womugonetsa, ndipo amagwira pakatha mphindi 5 mpaka 15. Ngati dokotala sanautchule, upempheni. Kenako amameta pang'ono mwendo wakutsogolo n'kulowetsa mumtsempha mankhwala otchedwa pentobarbital, omwe ndi ogonetsa amphamvu operekedwa mopyola mlingo. Ubongo umayamba kugona, kenako mpweya ndi mtima zimaima, kawirikawiri pasanathe mphindi ziwiri. Dokotala amamvetsera pachifuwa n'kukuuzani.

Dziwiranitu izi kuti zisakudzidzimutseni: maso satseka. Akhoza kukoka mpweya waukulu kamodzi kapena kawiri mtima utaima kale, mnofu ukhoza kugwedezeka, mkodzo kapena chimbudzi zikhoza kutuluka. Sakumva kanthu, ndi thupi chabe likumasuka. Yalani pulasitiki pansi. Ngati mungathe, khalani chakumutu kwake, dzanja lili pakhosi, mukumuyankhula monga mwa masiku onse. Ngati simungathe, khalani mpaka jakisoni woyamba atagwira, kenako tulukani. Ana aang'ono atsanzike kale. Achinyamata asankhe okha.

7. Kukwirira

Thupi limayamba kuuma pakatha maola ochepa, choncho mupindeni miyendo msanga monga mmene amagonera, mumukulunge m'chitenje kapena thumba la chiguduli. Pulasitiki ayi, imachedwetsa kuwola. Kunja kukatentha mukwirireni tsiku lomwelo.

Dzenje likhale lakuya moti pamwamba pa thupi pakhale dothi losachepera mita imodzi, ndipo litalikirane ndi chitsime, mjigo kapena mtsinje mamita 30 kapena kuposa. Pewani kudambo ndi pamene madzi amadikha m'dzinja. Kuya kumeneku si mwambo chabe: mankhwala a jakisoni uja amakhalabe m'thupi, ndipo galu wina, fisi kapena khwangwala akafukula n'kudya akhoza kufa. Thirani laimu ngati muli naye, tsenderani dothi, sanjani miyala kapena njerwa pamwamba. Musataye m'dzala, m'chimbudzi, m'ngalande kapena m'mbali mwa msewu. Ngati muli pa lendi pemphani eni nyumba kaye, kapena funsani dokotala ngati angakusamalireni thupilo.

Ngati wafa ndi matenda opatsirana monga parvo, aja otsegula m'mimba magazi, tenthani zogonera, tsukani mbale ndi simenti ndi Jik, kapu imodzi pa makapu 30 a madzi, musiye mphindi 10 musanatsukuluze. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, choncho musabweretse kagalu kosamaliza katemera pabwalo limenelo.

8. Ana ndi ziweto zotsala

Mwana muuzeni zoona m'mawu ochepa: anadwala kwambiri, dokotala sakanatha kumuchiza, wafa, sabweranso. Musanene kuti wathawa, chifukwa adzakhala akumuyang'ana pamsewu miyezi. Musanenenso kuti wagona kapena kuti wabayidwa jakisoni basi, osafotokoza. Mwana wa zaka zinayi akhoza kuyamba kuopa tulo ndi kusikelo komwe. Ambiri amadzafunsa ngati ndi iwo analakwitsa, mwina chifukwa anaiwala kumupatsa madzi tsiku lina. Yankhani momveka kuti ayi. Mulekeni aponye dothi m'dzenje kapena adzale mtengo pamenepo ngati akufuna. Mnyamata akalira musamuseke.

Galu mnzake akhoza kufunafuna, kulira usiku kapena kuchepetsa kudya masiku angapo. Ngati imfayo sinali ya matenda opatsirana, mulekeni anunkhize thupilo musanakwirire. Musasinthe nthawi yake ya chakudya. Mphaka wotsala akakana kudya masiku awiri athunthu, apite kwa dokotala, pakuti chiwindi cha mphaka sichipirira njala.

9. Chisoni chanu

Galu alibe siwa, alibe chipepeso, ndipo kuntchito sakupatsani tsiku. Mukanena, wina adzaseka n'kuti "Galu yemweyo? Ndikupatsani kena, kwathu aswa." Ena adzakukumbutsani kuti anthu akufa tsiku ndi tsiku. Choncho ambiri amangomeza, n'kumadabwa okha kuti bwanji akusungabe mkute, bwanji akumvabe zikhadabo pakhonde. Palibe chodabwitsa. Nyama imene yakulonderani zaka 10, imene inalipo ana akubadwa, mwina imene anasiya malemu amuna anu kapena mayi anu, ikapita imadzutsanso maliro akale. Kwa nkhalamba yokhala yokha, galuyo mwina ndiye anali woyankhula naye yekhayo, ndipo achibale ayenera kumuyendera masabata oyambawo.

Sankhani womuuza. Munthu mmodzi amene anawetapo n'kutaya aposa khumi oseka. Mbale ndi unyolo musakakamizike kuzichotsa lero, komanso musazisiye pamene muzipunthwa nazo m'mawa uliwonse. Ikani m'katoni, mudzaganize bwino pakatha mwezi. Nthawi imene munkamupatsa chakudya ndiyo imapweteka kwambiri, ndiye ipezereni ntchito ina, kaya kuthirira mbewu kapena kuyenda pang'ono.

Kudziimba mlandu kumabwera mbali zonse ziwiri. Wobayitsa amati ndinafulumira, wodikira amati ndinachedwa. Apa ndi pamene kalendala ija imagwiranso ntchito: itulutseni muwerenge mitanda. Ngati funso lina likukusowetsani mtendere, bwererani kwa dokotala amene anamuona mukamufunse kuti kodi pakanakhala china chochita.

Kwa ambiri ululu waukulu umayamba kuphwa pakatha masabata angapo, ngakhale umabwereranso mwa apo ndi apo. Koma ngati papita mwezi ndi kuposa musakudya, musakugona, ntchito ikukukanikani, mowa wachuluka, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsa moyo, pitani kuchipatala mukaonane ndi a zaumoyo wa maganizo, ndipo uzani wachibale lero lomwe. Pamenepo nkhani sikhalanso ya galu yekha.

Za kutenga wina, palibe tsiku loikika. Kumene kuli akuba anthu amafuna mlonda msanga, ndipo n'zomveka. Ingoonetsetsani kuti onse a m'nyumba avomera, musamupatse dzina la womwalirayo, ndipo musayembekezere kuti adzakhala ndi khalidwe lomwelo. Mubayitseni katemera wa parvo kuyambira ali ndi masabata 6 mpaka 8, wa chiwewe akakwana miyezi itatu, ndipo nambala ya a vetenale muisunge m'foni kuyambira tsiku loyamba.